Mwaonera Filimu, Nanga Bukulo Mwawerenga?

Anzanga amene mwaima pabolodi pano, ndikudziwa kuti belu lilira posachedwa, koma tandilolani ndimalize mkangano umene unayamba Lachisanu lija pansi pa mtengo wa mango. Mnzanga wina wa Fomu 3 anandiona nditanyamula buku la The Boy Who Harnessed the Wind, ndiye anayamba kundiseka. Amvekere, "Aise, ukudzivutitsiranji? Filimu yake ilipo, maola awiri basi wathana nazo." Tsiku limenelo ndinasowa chomuyankha chifukwa bukulo ndinali ndisanalimalize. Pano ndalimaliza, ngakhale landitengera masabata atatu ndi dikishonale pambali. Filimunso ndaionera kawiri, koyamba kuvidiyo sho ya pamsika, kachiwiri kunyumba pafoni ya achimwene anga. Yankho langa ndi lakuti amene waonera filimu yokha wamva nkhani yokoma ndithu, koma si yonse imene William analemba, ndipo pena ndi ina kumene.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, William Kamkwamba kwawo ndi m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Anabadwa mu 1987. Pa njala ya 2001 mpaka 2002 anasiya sukulu ali Fomu 1 pa Kachokolo, sekondale yoyendera ngati yathu ino, chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. M'malo mongokhala pakhomo, ankapita ku kalaibulale ka pa pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, ndipo pachikuto pake panali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Iye anapanga ake ndi zinthu zotola. Nkhani yakeyi anailemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo buku linatuluka mu 2009. Filimu inabwera patapita zaka 10, mu 2019. Anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, yemwenso anatenga mbali ya a Trywell, bambo a William. Mbali ya William anatenga ndi Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya.

Ndiyambe ndi kusiyana kwakukulu, kumene kunandichititsa kubwerera m'mbuyo masamba angapo poganiza kuti mwina Chingerezi chandipita. M'filimu, William amapanga makina aja njala ili pakati. Mphepo ikuwomba, makina azungulira, pampu ikoka madzi pachitsime, madzi ayenda m'mizere, anthu adzala m'chilimwe, mudzi wapulumuka. Kuvidiyo sho anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba nawo. Koma m'buku sizili choncho ayi. Njala ija inatha chifukwa chimanga cha m'munda chinacha, anthu n'kuyamba kudya dowe ndi maungu. Makina a William anadzaimikidwa pambuyo pake, ndipo chimene anachita tsiku loyamba ndi kuyatsa babu limodzi laling'ono. Babu limodzi basi. Kenako anakokera waya kuchipinda kwake, pang'ono ndi pang'ono mpaka nyumba yonse ya makolo ake inayamba kuwala usiku. Za madzi zinabwera patapita zaka, iye atatchuka kale, atakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, anthu akufuna kwabwino n'kumuthandiza ndalama.

Ndiye kodi okonza filimu ananama? Ndinawafunsa aphunzitsi athu a Chingerezi, amene anandibwereka bukuli. Iwo anandifunsa kuti, "Buku wawerenga masabata angati? Nanga filimu waonera maola angati?" Apa m'pamene ndinamvetsa. Bukuli lili ndi masamba oposa 250 ndipo limayambira William ali mwana mpaka atakula. Filimu siikwana n'komwe maola awiri. Wokonza filimu amayenera kusankha vuto limodzi lalikulu, n'kulimaliza anthu akuona ndi maso. Vuto lalikulu m'nkhaniyi ndi njala. Tsono ngati filimu yonse yationetsa anthu akuwonda, kumapeto n'kutipatsa babu, woonera angafunse kuti nanga babu amadya? N'chifukwa chake anatenga madzi amene anabwera mochedwa n'kuwakokera pafupi, kuti njala ndi makina zikumane pamalo amodzi. William yemwe m'buku amanena kuti maloto ake anali opopa madzi kuti kwawo azikolola kawiri pachaka. Choncho filimu inationetsa maloto ake ngati kuti anatheka nthawi yomweyo.

Zimenezo ndazimva, komabe pali chimene chinatayika, ndipo kwa ife a sukulu yoyendera n'chimene chili chofunika kwambiri. M'filimu makina amatheka mwachangu, nyimbo ikulira, anyamata akukhoma misomali, kenako zatheka. M'buku muli miyezi yambirimbiri ya kuvutika. William sankadziwa bwino Chingerezi, ngati mmene ambirife tilili, ndiye ankayamba kuona zithunzi za m'buku la Explaining Physics, n'kumafufuza mawu amene ali pafupi ndi chithunzicho mpaka atamva. Mapiko a makinawo anawapanga ndi mapaipi a pulasitiki, atawang'amba n'kuwawotcha pamoto kuti awongoke. Pakati anaikapo fani ya thirakitala. Analibe chobowolera, ndiye ankatenthetsa msomali pamoto, chogwirira chake chili chitsononkho. Nsanja yake inali ya mitengo ya bulugamu, yotalika pafupifupi mamita 5. Ndipo atayatsa babu lija mavuto sanathere pomwepo. Dainamo ya njinga imatulutsa magetsi a AC, osinthasintha kolowera, pomwe batire imafuna a DC, oyenda njira imodzi. Kuti atchaje batire anachita kuchotsa kachipangizo kotchedwa diode mu wailesi yakale. Tsiku lina mawaya anatsala pang'ono kuyatsa nyumba, ndiye anapanga yekha chozimitsira magetsi pogwiritsa ntchito misomali, waya ndi maginito. Maswitchi ake anali a mapatapata otha. Ine zimene timaphunzira mu Physics zija, pamenepa m'pamene ndinaona koyamba kuti munthu angazigwire ndi manja. Filimu ilibe nthawi ya zonsezi.

Pali kusintha kwina kumene sikunandisangalatse n'komwe. M'filimu, William atathamangitsidwa pasukulu amaopseza mphunzitsi wake kuti akaulula za chibwenzi chake ndi achemwali ake a Annie, pokhapokha amulole kumalowa mulaibulale. Dainamonso imachokera kwa mphunzitsi yemweyo, kudzera mwa a Annie. M'buku n'zoona kuti a Annie anathawa ndi mphunzitsi wina nthawi ya njala, koma zoopsezana mulibe. Laibulale inali ya pa pulayimale, ndipo William ankangopita n'kubwereka mabuku kwa mayi Sikelo amene ankayang'anira. Dainamo anamugulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, ndi ndalama zake za m'thumba. Msuweni wake Geoffrey, amene ankakonza naye mawailesi kuyambira ali ana, m'filimu ine sindinamuzindikire n'komwe. Ndikuona kuti okonza filimu ankafuna kuti pakhale kukokana, chifukwa mnyamata wongokhala phee akuwerenga sakoma kumuonera. Koma kwa ine nkhani ya mnzako amene akukuthandiza pamene mudzi wonse ukukutcha wamisala ndi yokoma kuposa ya kuopseza aphunzitsi. Ndipo chonde wina asakayesere zimenezo pano.

Tsopano za galu uja, Khamba. Amene munaonera mukukumbuka kuti amafa ndi njala, William n'kumukwirira. N'zomvetsa chisoni, eya. Koma m'buku n'zowawa kuposa pamenepo. Khamba atawonda mpaka kulephera kuyenda bwino, William mwiniwake ndi amene anapita naye kutchire, n'kumumangirira kumtengo, n'kumusiya. Galuyo anapita nawo mosavuta chifukwa ankamukhulupirira. Nditafika pamenepa ndinatseka buku, tochi n'kuzimitsa, ndipo usiku umenewo sindinawerengenso. Filimu inamuchotsera William mlandu umenewu, mwina poopa kuti oonera angadane naye. Buku silinamubisire. Limatiuza kuti njala siimangoondetsa thupi, imakuchititsanso zinthu zimene udzazikumbukire moyo wako wonse, ndipo munthu amene anazichitayo ndi amene akukuuza ndi pakamwa pake. Kamera imaona kunja kwa munthu. Zimene zili mumtima mwake zimafuna mawu.

A Trywell nawonso ndi anthu awiri osiyana. A m'filimu ndi bambo waukali, wokhumudwa, amene amakaniza njinga yake mpaka pamapeto penipeni. M'buku nawonso poyamba anakaniza njinga, koma tisanafike pamenepo timakhala titawadziwa kale. Timamva za unyamata wawo ali wamalonda ku Dowa, chimuna champhamvu chokonda mowa ndi ndewu, ndi mmene anadzasinthira n'kuyamba kupemphera. Mitu yoyambirira yadzaza nthano zimene ankauza ana awo, nkhani za ufiti, ndiponso mmene William anadzitemetsera mphini za mangolomera kuti akhale wamphamvu, n'kukamenyedwabe bwinobwino. Ndinaseka mpaka mng'ono wanga anadzuka. Anthu amene anangoonera filimu sadziwa kuti bukuli ndi loseketsanso.

Koma ndisaname, pali zimene filimu inachita zimene buku silingathe. Tsiku limene tinaonera kunyumba, mayi anali pomwepo akusenda nyemba. Iwo Chingerezi sawerenga, ndiye buku limeneli sakanalitsegula. Pofika pamene anthu akukankhana pogula chimanga, ndinaona kuti asiya kusenda. Anangoti, "Zinalidi choncho." Kenako anayamba kutiuza za chaka chimenecho, iwo ali mtsikana, mmene ankadyera gaga kamodzi patsiku ndi mmene agogo anagulitsira mbuzi zonse pamtengo wolira. Ine ndinali ndisanabadwe, ndipo nkhani imeneyi anali asanatiuzepo. Ndi filimu imene inawatsegula pakamwa. Filimuyi anaijambula konkuno ku Malawi, ku Kasungu komweko, ndiye fumbi lake, misika yake, mayunifolomu ndi Gule Wamkulu pamaliro, zonse n'zathu. Ngakhale zigawo zake anazipatsa mayina a Chichewa, monga Njala ndi Mphepo. Kuona kwanu pa sikirini, podziwa kuti anthu a m'mayiko ena akuoneranso pa Netflix, kumakoma mwa mtundu wake.

Za Chichewa cha m'filimumo, ee, tonse tinaseka. A Trywell akalankhula umachita kutchera khutu kuti akuti chiyani, mpaka munthu wina kuvidiyo sho anakuwa kuti atiikire mawu apansi a Chichewa chenicheni. Lily Banda, amene anatenga mbali ya a Annie, ndi Mmalawi, ndipo akangotsegula pakamwa kusiyana kumamveka. Komabe ine sindikuwanyoza enawo. Akanatha kupanga filimu yonse m'Chingerezi, ndipo kunja sakanadandaula. Anasankha kuphunzira chilankhulo chathu. Ifenso tikamalankhula Chingerezi pa dibeti timaphotchola, koma timafuna kuti atimvere.

Gawo lina la m'buku likutikhudza ife amene tavala yunifolomu. Malo amene William ankatola zitsulo anali pafupi ndi sukulu ya Kachokolo. Ana asukulu, anzake omwe ankaphunzira nawo, ankamuona akufukula zinyalala n'kumamukuwiza kuti wapenga, ena kumati akusuta chamba. Iwo anali m'kalasi, iye anali panja chifukwa cha fizi. Powerenga ndinadzifunsa kuti ine ndikanakhala mbali iti ya windo. Temu yathayi m'kalasi mwathu anzathu awiri sanabwerere, ndipo tonse tikudziwa chifukwa chake. Mmodzi ndinakumana naye pachigayo, ndinangomupatsa moni wachangu n'kudutsa, ngati kuti kusowa fizi n'kopatsirana. Filimu inandichititsa kuombera William m'manja. Buku linandichititsa manyazi ndi za pachigayo zija.

Palinso chimene filimu imangochitchula m'mawu ochepa kumapeto. William atapanga makina ake sanabwerere kusukulu mawa lake. Anakhalabe pakhomo zaka zingapo, akulima ndi kukonzakonza makina ake, mpaka mu 2006 pamene akuluakulu a zamaphunziro anabwera kudzaona ndipo atolankhani analemba nkhani yake. Pambuyo pake m'pamene anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, kenako ku Dartmouth College ku America komwe anamaliza mu 2014. Zaka zodikira zija, pamene babu likuyaka koma moyo sunasinthe, n'zimene ine ndinazimva kwambiri, chifukwa ndi mmene zinthu zimakhalira kumudzi kuno.

Ndiye iwe mnzanga wa Fomu 3, maola ako awiri aja sunataye, filimuyo ndi yabwino ndipo ndidzaioneranso. Koma ukadzafunsidwa kuti makina oyamba a William anachita chiyani, iwe n'kuyankha kuti anapopa madzi, usadzati sindinakuuze. Bukuli ndikubweza Lolemba kwa aphunzitsi a Chingerezi, ndipo anena kuti amene akulifuna akalembetse dzina kustafu rumu. Lilipo limodzi lokha, chikuto chake chinayamba kale kuthothoka, ndiye wotenga alikutire ndi nyuzipepala ndipo asaliike m'jumbo imodzi ndi mbatata.