Kudziunika Tsiku ndi Tsiku: Phunziro la Benjamin Franklin

Ambiri a ife timakhulupirira kuti munthu akagwira ntchito zaka zambiri ndiye kuti waidziwa. Komabe tonse tinaonapo mmisiri wa matabwa amene wakalambira pa ntchito yake koma zitseko zake sizitsekeka bwino, kapenanso mphunzitsi amene amabwereza zolakwa zomwezo chaka ndi chaka. Zaka pazokha siziphunzitsa munthu ngati iye sakhala pansi, kuyang'ana m'mbuyo ndi kudzifunsa moona mtima pomwe waphonya. Moyo wa Benjamin Franklin wa ku America ungatithandize kumvetsa bwino mfundo imeneyi.

Franklin anabadwira mumzinda wa Boston m'chaka cha 1706, ndipo bambo ake anali opanga makandulo ndi sopo. Kusukulu anakhalako zaka ziwiri zokha. Ali ndi zaka 12 anayamba kuphunzira ntchito yosindikiza mabuku ndi nyuzi kwa mkulu wake James. Pofuna kudziwa kulemba bwino, mnyamatayu ankatenga nkhani ya m'nyuzi ya ku London yotchedwa The Spectator n'kulemba mfundo zake mwachidule. Pakapita masiku angapo ankayesa kuilembanso yonse ndi mawu ake osayang'ana, kenaka n'kuyerekeza ndi yoyamba ija kuti aone pomwe wapereweza. Motero ankadzichongera yekha ntchito yake monga momwe akanachitira mphunzitsi.

M'chaka cha 1723 anasamukira ku Philadelphia ali ndi zaka 17, wopanda chuma ngakhale m'bale womulandira. Kumeneko anaona kuti luso la manja silingamufikitse patali ngati khalidwe lake lili losalongosoka. Choncho anadzilembera makhalidwe 13 oti aziwatsata pa moyo wake, monga kudziletsa pa zakudya ndi zakumwa, kupewa zolankhula zopanda phindu, dongosolo, kusamala ndalama, khama, kuona mtima, chilungamo ndi ukhondo. Poyamba makhalidwewa anali 12, koma mnzake wina atamuuza mosabisa mawu kuti anthu amamuona ngati wodzikuza, iye anawonjezera kudzichepetsa.

Chofunika kuti tichionetsetse ndi momwe ankagwiritsira ntchito mfundozi. Anakonza kabuku kakang'ono momwe tsamba lililonse analilemba mizere ya masiku 7 a sabata ndi ya makhalidwe onse 13. Madzulo aliwonse ankaunika tsiku lake n'kuika kadontho kakuda pa khalidwe lililonse limene waliphwanya. Sabata iliyonse ankalimbana kwambiri ndi khalidwe limodzi, kotero kuti pa masabata 13 amakhala atamaliza onse, ndipo pachaka ankazungulira kanayi. M'mawa ankadzifunsa za chabwino chimene achite tsikulo, ndipo usiku ankadzifunsa za chabwino chimene wachitadi.

Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, m'chaka cha 1727 anayambitsa kagulu kotchedwa Junto, momwe amisiri ndi amalonda anzake ankakumana Lachisanu lililonse madzulo kukambirana zomwe awerenga ndi kufunsana mafunso. M'chaka cha 1729 anagula nyuzi ya Pennsylvania Gazette, ndipo pofika 1748, ali ndi zaka 42, anali atapeza chuma chokwanira kusiya ntchito yosindikiza kuti adzipereke pa kafukufuku wa sayansi ndi kutumikira dziko lake.

Tisaganize kuti kabuku kaja kanamusandutsa munthu wangwiro. Iye mwini anavomera atakalamba kuti dongosolo linamukanika, ndi kuti kudzichepetsa anangokwanitsa kukuonetsa kunja pamene mumtima kudzikuza kunalipobe. Chachikulu kuposa izi, kwa zaka zambiri Franklin anali ndi akapolo m'nyumba mwake. Koma maganizo ake anasintha, mpaka m'chaka cha 1787 anakhala mtsogoleri wa bungwe lolimbana ndi ukapolo ku Pennsylvania, ndipo m'chaka cha 1790, chomwe anamwalira, anasainira pempho lopita ku nyumba ya malamulo ya dzikolo lofuna kuti ukapolo uthe. Apa tikuona kuti munthu wozolowera kudzifunsa amatha kukonza ngakhale mfundo zimene ankaziyesa zolondola.

Nafenso, kaya ndife alimi, anamwino, aphunzitsi, amalonda kapena ophunzira, zida zimene Franklin anagwiritsa ntchito tili nazo: kope, cholembera ndi mphindi zochepa tisanagone. Tiyeni tilembe mfundo zochepa zimene tikufuna kuti zitsogolere ntchito yathu, tisankhe imodzi yoti tilimbane nayo sabata ino, ndipo tipeze mnzathu wokhulupirika amene angatiuze zoona ngakhale zitakhala zowawa. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo munthu woyamba kumufunsa ndi ife eni.