Timakomo ta Kashiamu ndi Magwero a Matenda a Maganizo

Anthu ambiri amadziwa kashiamu ngati mchere wolimbitsa mafupa ndi mano, koma mu ubongo mcherewu umagwiranso ntchito yonyamula uthenga. Pakakhungu kokuta selo iliyonse ya ubongo pali timakomo topangidwa ndi mapuloteni, timene timatseguka mphamvu ya magetsi ya m'seloyo ikasintha, ndipo popeza kashiamu wa kunja kwa selo ndi wochuluka kuwirikiza pafupifupi 10,000 kuposa wa mkati, amalowa mwamphamvu kakhomoko kasanatsekekenso. Mwana akadali m'mimba, kulowa kwa kashiamu kotereku kumathandiza selo yatsopano kudziwa nthawi yosamukira pamalo ake, utali umene nthambi zake ziyenera kufika, ndiponso majini oti ayambe kugwira ntchito, majini pokhala malangizo a chibadwa amene munthu amatengera kwa makolo ake.

Jini yotchedwa CACNA1C, imene imapanga kakhomo ka Cav1.2, inatchuka mu 2008 akatswiri ataigwirizanitsa ndi bipolar, matenda amene munthu amatengeka mopitirira muyezo kenako n'kugwa m'chisoni chachikulu. Mu 2013 bungwe la Psychiatric Genomics Consortium linafalitsa m'magazini ya The Lancet kafukufuku wa odwala oposa 33,000, ndipo linapeza kuti jiniyi ndi inzake ya CACNB2 zimakhudza matenda angapo nthawi imodzi, kuphatikizapo schizophrenia ndi matenda ovutika maganizo. Kusiyana kwina kumene anthu ena amakhala nako m'majini amenewa kumangowonjezera chiopsezo pang'ono chabe, ndipo anthu ochuluka amene ali nako sadwala m'moyo wawo wonse.

Umboni womveka bwino unachokera ku matenda osowa kwambiri a Timothy syndrome, amene gwero lake linadziwika mu 2004. Mwa ana odwala matendawa, kusintha kwa chilembo chimodzi chokha m'jini ya CACNA1C kumachititsa kuti kakhomo kazichedwa kutseka, motero kashiamu amalowa wambiri; mtima umagunda mosalongosoka, zala zimakhala zomatirirana chibadwire, ndipo ambiri amakhala ndi autism, vuto limene limasokoneza kalankhulidwe ndi kachezedwe ka mwana. Sergiu Pașca ndi anzake pa yunivesite ya Stanford ku America anatenga maselo a pakhungu la odwalawa n'kuwasandutsa maselo a ubongo, ndipo mu 2017 analumikiza timibulu tiwiri ta maselo otere kuti aone ndi maso ulendo wa maselo osamuka umene kale unkabisika m'mimba. Maselo amene ntchito yawo n'kuletsa anzawo kutakataka mopitirira ankadumpha pafupipafupi koma mitunda yaifupi, choncho ankatsalira m'njira. Atapatsidwa mankhwala otseka timakomo, kayendedwe kawo kanakonzeka. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti vuto limene limaonekera m'khalidwe la munthu lingayambe iye asanabadwe, popanda amene walakwitsa kapena kumulodza.

Mankhwala otseka timakomo tamtunduwu si achilendo, pakuti nifedipine ndi amlodipine, amene zipatala za ku Malawi zimapereka kwa odwala matenda othamanga magazi, amagwira ntchito pa timakomo tomweti m'mitsempha ya magazi. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2019, wokhudza anthu oposa 140,000 odwala matenda aakulu a maganizo, anapeza kuti pa nthawi imene ankamwa mankhwala otere sankagonekedwa kawirikawiri m'chipatala, ngakhale kuti kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri sikutsimikiza kuti china chikuchititsa chinzake, ndipo palibe amene ayenera kusiya mankhwala ake a maganizo chifukwa cha zimenezi. Chovuta n'chakuti mlingo wokwanira kufika mu ubongo ungatsitse kuthamanga kwa magazi mopitirira. Gulu la akatswiri ku Oxford linapeza kuti ubongo umapanga mitundu yakeyake ya kakhomo ka Cav1.2 yosiyana ndi ya mumtima, ndipo ofufuza akufunafuna mankhwala ogwira mitundu ya mu ubongo yokhayo.