Ndinayenda tsiku lathunthu ndi anyamata a malaya oyera a Mormon

Mukawaona pamsewu simungawasokoneze ndi wina aliyense. Amayenda awiriawiri, malaya oyera, tayi pakhosi, baji yakuda pachifuwa, chikwama kumsana, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Ku Ndirande ana amawathamangira n'kumakuwa kuti azungu, ngakhale mmodzi mwa awiriwo atakhala wakuda ngati ine ndemwe.

Ine sindinkawalabadira mpaka mwezi watha pomwe mng'ono wanga wa zaka 17, yemwe wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, anakana tiyi wam'mawa. Kwathu kukana tiyi ndi nkhani yaikulu. Mayi atamufunsa ngati akudwala, anayankha kuti ali bwinobwino, kungoti akukonzekera kubatizidwa kumpingo wa ma Elder ndipo kumeneko tiyi saloleza. Mayi, omwe aimba kwaya kutchalitchi kwathu kuyambira ndisanabadwe, anangoika kapu pansi. Madzulo ake anandiimbira foni kuti poti ndinaphunzira za utolankhani, ndikafufuze zomwe ana amenewa akumuphunzitsa mwana wawo.

Nkhaniyi inali ndi pogwira. Malamulo a mpingowu salola kubatiza mwana wosakwana zaka 18 popanda chilolezo cha makolo. Choncho chomwe ndikanakawauza mayi chinali ndi mphamvu pa yankho lawo. Ndinapempha anyamata awiriwo kuti nditsagane nawo tsiku limodzi, ndipo anavomera atafunsa kaye kwa owayang'anira.

Ambiri timangoti a Mormon, koma dzina lake ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza. Anauyambitsa Joseph Smith pa 6 April 1830 m'chigawo cha New York ku America, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City, ku Utah. Mu 2018 mtsogoleri wake pa nthawiyo, Russell M. Nelson, anapempha anthu kuti asiye kuwatchula kuti a Mormon. Anyamatawa anandikonza kawiri konse, akuseka, ndisanazolowere.

Mmodzi ndi wa zaka 19, wa ku Utah komweko. Mnzake ali ndi zaka 21, kwawo ndi ku Zimbabwe. Onse amatchedwa Elder, kutanthauza mkulu, ngakhale ndevu alibe, ndipo atsikana ochita ntchito yomweyi amatchedwa Sister. Anyamata amatumikira zaka ziwiri, atsikana chaka ndi theka. Kale mnyamata ankayamba ali ndi zaka 19, koma mu 2012 mpingo unatsitsa msinkhuwu kufika pa 18. Dziko lopitako sasankha okha. Amalemba mafomu, kenako kalata imachokera kulikulu n'kuwauza komwe apite. Asananyamuke amakaphunzira kaye masabata angapo kumalo ophunzitsirako amishonale ngati a ku Provo ku Utah, Accra ku Ghana kapena Johannesburg.

Ndipo salipidwa. Ndinafunsa kawiri poganiza kuti sindinamve bwino. Ndalama zodyera ndi zoyendera zimachokera m'thumba lomwe iwo eni, makolo awo komanso mamembala ena amasonkhamo. Wa ku Utah uja anagwira ganyu yotchetcha kapinga m'makomo mwa anthu kuti asonkheko yake.

Ndinafika panyumba yomwe amachita lendi cha m'ma 9 koloko, n'kupeza tsiku lawo layamba kalekale. Amadzuka 6:30, kupemphera, kulimbitsa thupi, kusamba, kudya, kenako kuwerenga malemba aliyense payekha, n'kudzakhala pansi limodzi kukonza zoti akaphunzitse. Pathebulo panali Baibulo, Buku la Mormon ndi buku lowatsogolera lotchedwa Preach My Gospel, lomwe linatuluka koyamba mu 2004. Panalinso kope lomwe Elder wa ku Utah amalembamo mawu a Chichewa. Moni amautha bwino, koma akafika pa ng'ombe ndi ng'ona lilime limamukanika.

Lamulo lomwe linandidabwitsa kwambiri ndi lakuti awiriwa sasiyana. Kulikonse komwe wina ali, mnzake ayenera kumamuona ndi kumumva, kupatula kubafa ndi kuchimbudzi basi. Mnzakeyo samusankhanso yekha, ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi aliwonse akhoza kusinthidwa n'kupatsidwa wina kapena kutumizidwa dera lina. Chibwenzi ayi, mafilimu ayi, kusambira ayi, nyimbo za chamba chilichonse ayi. Foni ali nayo, koma ndi ya ntchito. Taganizani inuyo amene mukuwerenga izi pafoni, zaka ziwiri osaonera ndi gemu imodzi yomwe ya Premier League.

Khomo loyamba kunalibe munthu, ngakhale anapangana dzulo lake. Lachiwiri mayi wina anatiuza pawindo kuti ali ndi mpingo wake kale. Titadutsa pamsika, bambo wina anakuwa kuti a satana akudutsa, anzake n'kuseka. Ine mtima unandipweteka, koma anyamatawo anangomupatsa moni n'kupitirira. Mphekesera zimenezi amazidziwa. Wa ku Zimbabwe anandiuza kuti zikamukwana amangomuitanira munthuyo kutchalitchi Lamulungu kuti akaone yekha, poti chitseko chimakhala chotsekula kwa aliyense.

Pakhomo lachitatu ndi pomwe ndinaona phunziro lenileni. Mnyamata wina woyendetsa kabaza ndi mayi wa kunyumba kwake anatiyalira mphasa. Anayamba ndi pemphero, kenako ma Elder anafotokoza chomwe amachitcha kubwezeretsedwa kwa uthenga wabwino. Iwo amakhulupirira kuti atumwi a Yesu atamwalira, ulamuliro wa unsembe unachoka padziko, ndipo unabwereranso kudzera mwa Joseph Smith, yemwe ananena kuti mu 1820, ali ndi zaka 14, anaona Mulungu Atate ndi Yesu Khristu akupemphera m'nkhalango. Buku la Mormon, lomwe linasindikizidwa mu 1830, limakamba za anthu akale a ku America ndi za Yesu kuwachezera atauka kwa akufa. Smith ankati analimasulira kuchokera pa mapale agolide omwe mngelo Moroni anamuonetsa.

Sanakangane ndi munthu. Anangowapempha kuti awerenge chaputala chimodzi ndi kupemphera kuti Mulungu awauze ngati zili zoona. Koma pofika pa zoyenera kuchita munthu asanabatizidwe, nkhope ya mwini kabaza uja inasintha. Ayenera kusiya mowa, fodya, tiyi ndi khofi, malinga ndi lamulo la zaumoyo lomwe Smith anapereka mu 1833. Ayenera kuvomera kupereka chakhumi cha zomwe amapeza. Komanso poti awiriwa anangolowana, ayenera kumanga kaye ukwati wovomerezeka. Mnyamatayo anawerengetsa ndi zala ndalama yomwe amatsala nayo akalipira mwini njinga, n'kunena kuti aganizira kaye. Ma Elder sanamukakamize. Analemba tsiku lodzabweranso.

Tikudya chipisi cha pachiwaya masana, ndinafunsa funso lomwe ndinabwera nalo. Kwa zaka zoposa 100, mpingowu sunkalola anthu akuda kukhala ansembe kapena kuchita nawo miyambo ina ya m'kachisi. Chiletsochi chinachotsedwa mu June 1978, mtsogoleri ali Spencer W. Kimball. Ndinamuyang'ana wa ku Zimbabwe uja n'kumufunsa kuti iye ngati munthu wakuda amalalikira bwanji mpingo wa mbiri yotere.

Anakhala chete kanthawi. Kenako anandiuza kuti anazimva koyamba ali kusekondale ndipo zinamuwawa moti anasiya kupita kutchalitchi kwa miyezi ingapo. Anati mpingo unalemba mu 2013 kuti sukugwirizana ndi zifukwa zomwe atsogoleri akale ankapereka, monga zoti khungu lakuda ndi temberero. Anavomera kuti zimenezo sizinamuyankhe zonse. Chomwe chinamubweza, malinga ndi iye, ndi zomwe anamva mumtima atapemphera yekha. Ine ngati mtolankhani zimenezo sindingazitsimikizire. Ndingangonena kuti funsolo sanalizembe.

Za mitala, yomwe anthu ambiri amawanena nayo, mpingo unalengeza zoisiya mu 1890, ndipo lero membala wokwatira mitala amachotsedwa. Koma kusiyana ndi mipingo yathu ina kulipo ndithu, ndipo mng'ono wanga ayenera kukudziwa. Iwo amaphunzitsa kuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ndi atatu osiyana, ogwirizana pa cholinga, komanso kuti Atate ali ndi thupi. N'chifukwa chake mipingo yambiri siwawerengera pamodzi ndi iyo, ndipo mu 2001 mpingo wa Katolika unalengeza kuti suvomereza ubatizo wawo.

Dzuwa litapendeka tinali titayenda mtunda woti miyendo yanga inkanjenjemera. Pa makomo asanu ndi awiri omwe anakonza, anaphunzitsa atatu okha. Ndinamufunsa wa ku Utah chomwe chimamuvuta kwambiri, ndikuyembekeza kuti anena za udzudzu kapena kuzimazima kwa magetsi. Iye anatchula mchemwali wake yemwe anakwatiwa iye ali kuno, ukwati n'kungouona pazithunzi. Mpaka 2019 amishonale ankaimba foni kwawo kawiri kokha pachaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala. Pano amaloledwa kulankhula ndi makolo kamodzi pa sabata, pa tsiku lomwe amachapa ndi kugula zakudya, lomwe nthawi zambiri limakhala Lolemba. Anandiuza kuti masiku ena amabwerera kunyumba osaphunzitsa ndi munthu mmodzi yemwe, n'kumadzifunsa kuti wadzatani kuno. Akatero amagwada, m'mawa mwake n'kuvalanso tayi.

Nditafika kwa mayi ndinawauza zonse monga ndalembera pano. Ndinawauza kuti za satana sindinazione, ndinaona anyamata a msinkhu wa mwana wawo, otopa, aulemu, okhulupirira zomwe akunena. Ndinawauzanso kuti chiphunzitso chawo n'chosiyana ndi chomwe anatilera nacho, ndipo ma Elder amene mng'ono wanga wawazolowerawa akhoza kusamutsidwa mwezi wamawa. Iye adzatsala ndi mpingo, chakhumi ndi malamulo ake, anzake awiriwo atapita.

Mng'ono wangayo ndinamufunsa ngati ankadziwa za 1978. Sankadziwa. Ndinamuuza kuti akawafunse yekha, ndipo ngati pali wina mwa inu amene akuphunzira ndi anyamatawa, kapena ndi mpingo wina uliwonse, funsani mafunso ovutawo musanalowe m'madzi. Funsani za mbiri, za ndalama, za zomwe mudzasiye.

Loweruka lapitali mayi anawaitana awiriwo kunyumba. Anawaphikira nsima ya usipa ndi chigwada, ndipo m'malo mwa tiyi anawapatsa thobwa. Ankawatchula kuti ana anga, n'kumufunsa wa ku Utah ngati mayi ake akudziwa kuti waonda. Pa nkhani ya chilolezo anakana kusaina. Anati mwana wawo akwanitsa zaka 18 miyezi isanu ikubwerayi, ndipo ngati pofika nthawiyo adzakhale akufunabe, adzasankha yekha ngati munthu wamkulu. Ma Elder anavomera ndi ulemu ndipo anapempha ngati angamabwerebe kudzacheza. Mayi anati abwere, koma adziwe kuti nawonso ali ndi mavesi awo oti awaphunzitse.

Pakadali pano mng'ono wanga akupitabe kwa ma Elder Lamulungu lililonse, ndipo m'mawa mayi amamuwiritsira madzi a mandimu mu ketulo yakeyake.