Luso limayambira pa tinthu tating'ono

Tikamaphunzitsa za anthu otulukira zinthu zatsopano, ana ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi ya anthu olemera okhala ndi madigiri. Mbiri ikutsutsa zimenezi.

Henry Bessemer wa ku England amadziwika chifukwa chotulukira njira yotchipa yopangira chitsulo cholimba mu 1856. Komatu sanapite ku yunivesite, ndipo kusungunula zitsulo anaphunzira kwa bambo ake. Anayamba ndi tinthu tating'ono: chidindo cha deti choletsa chinyengo pa zikalata za boma, makina opangira ufa wa mkuwa wothira mu penti yooneka ngati golide, komanso makina ofinyira nzimbe. Phindu la ufawo ndilo linamuthandiza kufufuza za chitsulo.

Kwathu kuno tili ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 inamusiyitsa sukulu ali Fomu 1 chifukwa makolo analibe fizi. Mulaibulale yaing'ono ya m'deralo anapezamo buku lotchedwa Using Energy. Atawerenga, anatola fani ya thirakitala, njinga yakutha, dayinamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, n'kupanga makina oyendera mphepo amene anayatsa mababu anayi kwawo. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Ine ndimaphunzitsa kusekondale ya kumudzi, koma tchuthi ndimathera ku Chilinde. Kumeneko ndimaona anyamata akukhoma mbaula ndi zidebe, ena akuwotcherera mageti ndi makina amene anakulunga okha mawaya. Amenewa amadziwa za magetsi ndi manja awo, pamene ana anga a Fomu 4 amangoloweza za dayinamo osaigwirapo. Wina ali ndi luso popanda buku, mnzake ali ndi buku popanda zida.

N'chifukwa chake ndikupempha bungwe la TEVETA ndi Unduna wa Zamaphunziro kuti alumikize awiriwa. Amisiri a m'matauni aziitanidwa m'makalabu a sayansi, ndipo malaibulale a sukulu azitsegukiranso amene analekeza sukulu panjira, monga zinalili ndi Kamkwamba.

Nanunso makolo, mwana akamasula tochi kapena wailesi yakufa, musafulumire kuthyola mkwapulo. Mufunseni zimene wapezamo, ndipo mumuthandize kuibwezeretsa. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.