Mtima woulula chinsinsi: zomwe ana amapeza m'nthano zoopsa zakale

Mu Januwale 1843, magazini yatsopano ya mumzinda wa Boston ku America, yotchedwa The Pioneer, idasindikiza kankhani kopeka ka masamba ochepa chabe. Magaziniyo siidakhalitse, idatha itangotuluka katatu, koma kankhaniko kakuwerengedwabe mpaka lero. Mutu wake ndi The Tell-Tale Heart, kutanthauza mtima woulula chinsinsi, ndipo adakalemba ndi Edgar Allan Poe.

Poe sadalembere ana. Amalembera akuluakulu ogula magazini kuti apeze ya mchere. Komabe masiku ano nkhaniyi imapezeka m'mabuku a sukulu za sekondale ku America, m'mabuku ofupikitsidwa a achinyamata, ngakhalenso pa intaneti pomwe aliyense akhoza kuiwerenga ulere. Kholo lomwe lapeza mwana wake wa zaka 13 ali ndwii pa nkhani ya munthu wopha nkhalamba n'kuidula nthulinthuli silingalephere kufunsa ngati zoterezi n'zoyenera mwana. Kuti funsoli liyankhike bwino, pafunika kuona kaye chomwe nkhani za mtunduwu zimaika patsogolo.

Nkhani yake

Wofotokoza nkhaniyi ndi wakuphayo mwini wake. Poe sadamupatse dzina, ndipo sadanene ngati ali mwana wa nkhalambayo, wantchito wake kapena wongokhala nayo nyumba imodzi. Chiyambire pa mawu ake oyamba, munthuyu akulimbikira kuti si wamisala. Akuti nkhalambayo amaikonda, siidamulakwirepo, ndipo chuma chake adalibe nacho ntchito. Chomwe chidamusowetsa mtendere ndi diso limodzi la nkhalambayo, lotuwa ngati lang'ala, lomwe iye amalifanizira ndi diso la muimba.

Kwa masiku asanu ndi awiri, pakati pa usiku, amatsegula chitseko cha chipinda cha nkhalambayo pang'onopang'ono, nyali yophimbidwa ili m'manja. Usiku uliwonse amapeza disolo lili chotseka, ndipo amabwerera osachita kanthu, pakuti yemwe amadana naye si nkhalambayo koma diso. Usiku wachisanu ndi chitatu nkhalamba idadzidzimuka n'kukhala tsonga mumdima. Kuwala kwa nyali kudagwera padiso lija lili chotsegula. Pamenepo wakuphayo adayamba kumva kugunda kwa mtima, komwe adakhulupirira kuti n'kwa nkhalambayo, ndipo poopa kuti anansi amva, adailumphira n'kuiphinja ndi bedi. Mtembo adaudula n'kuubisa pansi pa matabwa a m'chipindamo.

Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha padafika apolisi atatu, chifukwa mnansi wina adamva kukuwa. Wakuphayo adawalandira mwansangala, adawaonetsa nyumba yonse, kenaka n'kuika mpando wake pamalo penipeni pomwe padali mtembo. Apolisi adakhutira, n'kumangocheza. Koma iye adayambanso kumva kugunda kuja, kukukulirakulira, mpaka adaganiza kuti apolisiwo akukumva koma akungomunyogodola. Atalephera kupirira, adaulula yekha n'kuwalozera pomwe adabisa mtembo.

Kupha n'kwachidule, mlandu n'ngwautali

Woiwerenga nkhaniyi modekha amaona chinthu chimodzi chomwe ambiri oimva pakamwa pa anzawo sachidziwa: kupha kwenikweniko Poe adakulemba m'ziganizo zowerengeka. Gawo lalikulu la nkhani lili pa kudikira mumdima nkhalamba isadaphedwe, ndi pa kuzunzika kwa wakuphayo itaphedwa. Mulibe mzukwa, mulibe chilombo, mulibenso wapolisi wochenjera wofukula umboni. Mlanduwo ukadatha kubisika mpaka kalekale. Chidaugwetsa ndi chinthu chomwe chidali m'kati mwa wolakwayo.

Kugunda kuja kudali kwa chiyani? Mtima wa munthu wakufa sugunda. Owerenga ambiri amati wakuphayo amamva mtima wake womwe, ukuthamanga ndi mantha. Poe sadamasulire, adasiyira woiwerenga. Apa m'pomwe aphunzitsi amaikondera nkhaniyi, chifukwa mwana amakakamizika kudzifunira yekha yankho, ndipo yankho lomwe amafikapo kawirikawiri ndi chikumbumtima. Chodabwitsa n'chakuti wakuphayo sanena paliponse kuti akumva chisoni ndi zomwe adachitazo. Pakamwa akudzitama kuti adachita zonse mwaluso, pomwe thupi lake likumutsutsa. Akuluakulu adati mlandu suola. Poe adaonjezerapo kuti mlandu ukasowa woweruza panja, umakamupeza mumtima mwa mwini wake.

Mwana wa zaka 12 kapena 14 sadaphepo munthu, koma amadziwa kukhala m'chipinda chimodzi ndi kholo lomwe silikudziwa kuti iye waswa kanthu kapena wanama, mtima uli phaphapha, akuganiza kuti aliyense akumuona. Nkhaniyi imangokuza chinthu chomwe iye adachilawapo kale.

Wamisala kapena wochenjera?

Phunziro lachiwiri lili pa mafotokozedwe. Wakuphayo akufuna kuti womumvera akhulupirire kuti mutu wake ukuyenda bwino, ndipo umboni womwe akupereka ndi kusamala kwake: momwe amatsegulira chitseko, momwe adabisira mtembo osasiya dontho la magazi. Koma akamachulukitsa umboniwo m'pamene woiwerenga amatsimikiza kuti munthuyu wasokonezeka. Kwa ana ambiri, aka kamakhala koyamba kukumana ndi wofotokoza nkhani wosayenera kumukhulupirira, ndipo amaphunzira kuti kulankhula mwadongosolo si chizindikiro chakuti munthu akunena zoona.

Funso la misala ndi mlandu lidali pakamwa pa anthu m'chaka chomwecho. Mu Januwale 1843, mumzinda wa London, Daniel M'Naghten adaombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu ya Britain Robert Peel, ndipo Drummond adamwalira patapita masiku ochepa. M'Naghten amakhulupirira kuti andale akumulondalonda. Khoti lidampeza wosalakwa chifukwa cha misala, ndipo adakatsekeredwa m'chipatala cha odwala maganizo moyo wake wonse. Chigamulocho chidautsa mkwiyo, kotero kuti oweruza akuluakulu adakhazikitsa mfundo zomwe zimadziwika ndi dzina la M'Naghten: kuti munthu amasuke pa chifukwa cha misala, payenera kuoneka kuti matenda a maganizo adamulepheretsa kudziwa chomwe amachita, kapena kudziwa kuti chidali cholakwa. Mfundozi zidalowa m'malamulo a maiko ambiri omwe adali pansi pa Britain, kuphatikizapo Malawi.

Poe adalemba nkhani yake mlanduwu usadazengedwe, koma nkhaniyo imaika woiwerenga pampando wa woweruza yemweyo. Munthu wodikira masiku asanu ndi atatu n'kubisa mtembo amadziwa kuti akulakwa. Nanga munthu wopha mnzake chifukwa cha diso, mutu wake uli bwino? Mkangano umenewu ukhoza kudya phunziro lathunthu m'kalasi.

Mphaka wakuda ndi botolo

Mu Ogasiti chaka chomwecho cha 1843, Poe adatulutsa The Black Cat, nkhani ya mphaka wakuda, yomwe n'njowawa koposa. Wofotokoza wake akulemba usiku woti mawa anyongedwa. Adali munthu wofatsa, wokonda ziweto, mpaka mowa udamusintha. Tsiku lina ataledzera adakolowola diso la mphaka wake Pluto, ndipo pambuyo pake adamupachika pamtengo. Adapeza mphaka wina wofanana naye, wa diso limodzinso, n'kuyamba kudana naye chifukwa amamukumbutsa tchimo lake. Pofuna kumutema ndi nkhwangwa, mkazi wake adamugwira dzanja, ndipo nkhwangwayo idathera pamutu pa mkaziyo. Mtembo adaumangira m'khoma la chipinda chapansi pa nyumba. Apolisi atabwera, adagogoda khomalo ndi ndodo modzitama, ndipo m'kati mudamveka kulira. Adali atamangira mphaka uja pamodzi ndi mtembo.

Nkhaniyi imaonetsa momwe nkhanza zimakulira: zimayambira pa kutukwana, zifike pa chiweto, zithere pa munthu wa m'nyumba. Wofotokozayo amaloza chala mowa, mphaka ndi mzimu wina wa mwano womwe akuti umakankha munthu kuchita choipa pongofuna kuchichita. Mkazi wake, yemwe adapirira zonsezo, sapatsidwa ndi dzina lomwe. Mwana wokulira m'nyumba ya nkhanza akhoza kuizindikira nkhaniyi msanga kuposa anzake, ndipo n'chifukwa chake siyenera kuperekedwa mwachisawawa.

Mabuku ena awiri omwe amafupikitsidwa kawirikawiri kuti achinyamata awerenge amayenda njira yomweyi. Mu Frankenstein, buku la Mary Shelley la 1818, Victor Frankenstein adapanga cholengedwa n'kuchithawa. Chitapha mng'ono wake William, mtsikana wosalakwa Justine ndiye adanyongedwa, Victor ali chete ngakhale amadziwa choona. Mu Strange Case of Dr Jekyll and Mr Hyde, buku la Robert Louis Stevenson la 1886, dokotala wolemekezeka adapanga mankhwala omusandutsa munthu wina kuti azichita zoipa mbiri yake isadetsedwe, koma pomaliza munthu winayo adamugonjetsa. M'mabuku onsewa choopsa chenicheni ndi munthu wokana kusenza mlandu wake.

Mkangano si wa lero

Nkhawa ya makolo pa nthano zoopsa idayamba kale. Mu 1953, kampani ya UPA ku America idapanga katuni yaifupi ya The Tell-Tale Heart, mawu ake akulankhulidwa ndi James Mason. Bungwe loona za mafilimu ku Britain lidaipatsa chizindikiro cha X, choletsa ana kuionera, ndipo idali katuni yoyamba kulandira chizindikirochi. Mu 1954, dokotala wa matenda a maganizo Fredric Wertham adatulutsa buku lotchedwa Seduction of the Innocent, lomwe lidati mabuku a zithunzi zojambula onena za kupha ndi zoopsa akuononga ana. Chaka chomwecho aphungu a Senate ya America adachita kafukufuku pa nkhaniyi, ndipo osindikiza adadziikira malamulo okhwima otchedwa Comics Code. Mu 1955, Britain idakhazikitsa lamulo loletsa mabuku a zithunzi zoopsa olembera ana.

Komabe nkhani za Poe, Shelley ndi Stevenson zidapitirira kuwerengedwa m'sukulu. Owaikira kumbuyo amati kusiyana kwagona pa chomwe nkhani imachita ndi nkhanzazo. Pali nkhani zomwe zimaonetsa magazi kuti woonera asangalale, wophedwayo n'kuiwalika pomwepo. Palinso zomwe zimasiya woiwerenga ali ndi mtembo pansi pa matabwa, osatha kuuiwala. Mu The Tell-Tale Heart, ndime yomwe nkhalamba yakhala tsonga mumdima, ikubuula ndi mantha ndi kudzilimbitsa mtima kuti mwina ndi mphepo kapena mbewa, imachititsa woiwerenga kumva chisoni ndi wophedwayo ngakhale nkhani ikuchokera pakamwa pa wakupha.

Pomwe nthanozi zimasokeretsa

Nthanozi zili ndi chilema chomwe wamkulu ayenera kuchitchula. Zimamanga misala ndi kupha mtolo umodzi. Mwana wongowerenga yekha akhoza kutuluka ndi maganizo akuti wodwala matenda a maganizo aliyense n'ngoopsa, pomwe akatswiri a zaumoyo amanena kuti odwala ambiri sachita chiwawa, ndipo kawirikawiri ndiwo amachitiridwa nkhanza. Wakupha wa Poe ndi munthu wopeka, wolembedwa m'nthawi yomwe matendawa samadziwika bwino. Si chithunzi cha m'bale wovutika maganizo yemwe akumwa mankhwala kunyumba.

Koma pa mfundo ina nkhaniyi imalasa pafupi. Nkhalamba idaphedwa isadalakwe kanthu, chifukwa chakuti wina adaona choipa m'diso lake lodwala. M'Malawi, komwe okalamba akhala akuphedwa powaganizira ufiti, mwana woiwerenga akhoza kuona kuti choipacho chidali m'mutu mwa woyang'ana, osati m'diso la woyang'anidwa.

Pa za msinkhu palibe muyeso umodzi, chifukwa ana amasiyana. The Tell-Tale Heart ndi yaifupi moti kholo likhoza kuimaliza m'mphindi khumi ndi zisanu lisadaipereke kwa mwana. Chingerezi chake n'chakale, choncho mwana wa ku pulayimale sangapindule nayo kwenikweni, pomwe wa ku sekondale akhoza kuikwanitsa. The Black Cat ndi yofunika kuidikiritsa, makamaka kwa mwana yemwe adaonapo nkhanza pakhomo. Akamaliza kuwerenga, mafunso atatu ndi okwanira kuyambitsa macheza: Kodi wofotokozayu ukumukhulupirira? Chimagunda chija n'chiyani? Nanga nkhalambayo idalakwanji?

Poe adabadwira ku Boston mu 1809, mayi ake adamwalira iye asadakwanitse zaka zitatu, ndipo mkazi wake Virginia adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1847. Iye mwini adamwalira ku Baltimore pa 7 Okutobala 1849 ali ndi zaka 40, ali mmphawi. Patha zaka zoposa 180 chisindikizireni kankhani kake ka mtima wogunda pansi pa matabwa, ndipo ana a sukulu akukanganabe ngati apolisi atatu aja adamva kanthu kapena ayi.