Omeri imodzi patsiku: phunziro la mana pa nkhani ya kukhutira

Tikamabwera kuchokera ku holide, ambirife timafika pa koleji mtima uli m'malo. Fizi yalipiridwa, kaya ndi theka chabe, ndipo m'chikwama muli sopo, shuga ndi kandalama ka m'thumba. Koma mnzathu wa m'chipinda akangotulutsa foni yatsopano, yathu ija, imene dzulo inali bwinobwino, imayamba kutichititsa manyazi. Umbombo umayambira pamenepa. Ena mwa ife watifikitsa kwa akatapila, ena kokabetcha mpira ndi ndalama zimene makolo anapeza atagulitsa chimanga kapena mbuzi.

Lamulo lachikhumi, pa Eksodo 20:17, limaletsa kusirira za mnzathu, ndipo tchimoli munthu angalichite osagwidwa ndi wina aliyense chifukwa limachitikira mumtima. Pa Akolose 3:5 Paulo akuliika pamodzi ndi kupembedza mafano, pakuti chinthu chimene timaganiza kuti sitingakhale popanda icho chimalanda malo a Mulungu. Nanga mtima wotere ungachire bwanji? Nkhani ya mana ikuonetsa mmene Mulungu anachiritsira mtundu wonse.

Eksodo 16 akutiuza kuti patatha mwezi umodzi Aisraeli atatuluka mu Ejipito, anayamba kudandaula za njala m'chipululu cha Sini. Mulungu anawapatsa mana, koma ndi malire: munthu aliyense omeri imodzi patsiku, muyeso wa pafupifupi malita 2. Amene anabisa ena kuti adye mawa anawapeza atagwa mphutsi ndi kununkha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi pamene ankatola miyeso iwiri, ndipo mana osungira Sabata sankaonongeka. Zinatero kwa zaka 40. Tsiku lililonse munthu ankagona mbiya ili mbee, n'kudzuka n'kupeza kuti Mulungu wakumbukanso.

Komabe pa Numeri 11 tikuwapeza akulira ndi nkhuli. Anakumbukira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Ejipito, koma ukapolo anauiwala. Mulungu atatumiza zinziri, anatola usana ndi usiku mpaka tsiku lotsatira, ndipo wotola zochepa anasonkhanitsa mahomeri 10. Homeri imodzi ndi maomeri 100, choncho munthu amene omeri imodzi inkamukwanira anadziunjikira maomeri 1,000. Mliri unabuka nyama ikadali m'kamwa, ndipo malowo anawatcha Kibroti-hatava, kutanthauza manda a anthu a nkhuli. Anthuwa sanafe ndi njala ayi, chakudya chinali chikugwa m'mawa uliwonse. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tisasokoneze kukhutira ndi ulesi. Mana sankagwera m'kamwa. Munthu ankayenera kulawirira dzuwa lisanatenthe, chifukwa likakwera ankasungunuka, kenako kuwapera pamphero kapena kuwasinja mumtondo ndi kuwaphika. Ifenso tiyenera kuwerenga mwakhama, kufuna magiredi abwino, ndi kukonzekera ntchito imene idzathandize abale athu kumudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wokhutira amagwira ntchito mtima uli phee, pomwe waumbombo ngakhale apeze amangoyang'ana mbale ya mnzake. Komanso tisagwiritse ntchito mawu akuti kukhutira potseka pakamwa mnzathu amene watsala pang'ono kubwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi. Pa 2 Akorinto 8:13-15 Paulo anakumbutsa nkhani yomweyi ya mana pofuna kuti amene ali ndi zambiri agawireko osowa.

Paulo yemweyo, polembera Afilipi ali m'ndende, ananena kuti kukhutira anachita kuphunzira, pa nthawi ya njala ndi ya mwanaalirenji yomwe (Afilipi 4:11, 12). Ngati ndi chophunzira, ndiye kuti nafenso tingathe, ndipo monga Aadventi tili kale ndi makalasi ake. Loyamba ndi Sabata. Dzuwa likalowa Lachisanu timatseka mabuku ndi malonda kwa maola 24, ngakhale mayeso ali Lolemba, ndipo potero timavomereza kuti moyo wathu sudalira kutola kwathu kokha. Lachiwiri ndi chakhumi. Wophunzira amene walandira K10,000 n'kupatula K1,000 asanagule bando akuuza mtima wake kuti ndalamayo ili ndi Mwini wake. Amene walephera pa K10,000 asadzinamize kuti adzatha akadzayamba kulandira malipiro.

Kalasi lachitatu ndi kuthokoza kotchula zinthu. Umbombo umawerenga zimene tilibe, ndiye tiyenera kuusinthira ntchito. Pa mapemphero a madzulo, m'malo mongoti zikomo pa zonse, titchule chimodzichimodzi: nsima ndi nyemba za ku kafiteriya, malume amene anagulitsa ng'ombe kuti tiphunzire, mnzathu amene anatibwereka laputopu usiku wa asayimenti. Mwa akhate 10 amene Yesu anawachiritsa pa Luka 17, mmodzi yekha, Msamariya, ndiye anabwerera kukathokoza. Enawo analandira mphatso yomweyo n'kungopitirira ulendo.

Mlungu uno tiyese izi: tikamva mtima ukukhumba chinthu, tidikire mpaka Sabata litadutsa tisanagule kapena kukongola, ndipo tidzifunse ngati tikuchisowadi kapena tangochiona kwa mnzathu. Tiimbirenso foni amene amatilipirira fizi, osati kuti atitumizire ina, koma kungowathokoza. Mwina adzadabwa, n'kufunsa ngati tili bwino. Tidzawayankhe kuti omeri yathu ya lero yakwana.