Lipoti likamachedwa, musathamangire kunena netiweki

Mu ofesi iliyonse ya kompyuta kuno kwathu, zinthu zikavuta chala chimaloza kuwiri: netiweki ndi magetsi. Kwa Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi kufupi ndi malire a Mozambique, ziwirizi zimavutadi. Koma ine ntchito yanga ndi yolemba ndi kukonza mapulogalamu, ndipo milandu yambiri imene ndimaitanidwira imapezeka kuti gwero lake lili mkati mwa pulogalamu momwemo, pamalo amene mlembi sangawaone.

Gulu lina la alimi kumeneko limabwereketsa mbewu ndi feteleza, ndipo lili ndi pulogalamu yosungira mayina a mamembala, midzi yawo, ngongole ndi zobweza. Imakhala pa laputopu yoyendera sola, alembi n'kumalumikizana nayo ndi matabuleti ali mu ofesi yomweyo. Mlembi wamkulu anandiimbira foni: "Achimwene, tabwerani mudzaone. Lipoti la mwezi likumangozungulira osatuluka. Kapena ndi netiweki?" Netiweki inalibe mlandu, chifukwa pulogalamuyo sidutsa pa intaneti n'komwe.

Mkhalapakati wosaoneka

Zonse zimene mlembi amalemba zimakasungidwa mu detabesi, monga MySQL kapena PostgreSQL. Detabesi za mtundu umenewu zinachokera pa nzeru imene Edgar Codd wa kampani ya IBM anafalitsa mu 1970, yoti chilichonse chizisungidwa m'matebulo a mizere ndi makolamu. Mamembala tebulo lawolawo, midzi lakelake, ngongole lakenso, ndipo chowamangiriza ndi manambala. Pa mzere wa membala sipalembedwa dzina la mudzi, pamangokhala nambala ya mudziwo, tinene kuti 14. Wofuna kufunsa kanthu amalemba funso lake m'chinenero cha SQL.

Wolemba pulogalamu safuna zomwazikana chonchi. Iye amafuna membala akhale chinthu chimodzi, chimene timachitcha object, chonyamula dzina, mudzi ndi ngongole zake pamodzi. Pakati pa matebulo ndi ma object pamakhala object-relational mapping, mwachidule ORM. Ndi chigawo cha pulogalamu chimene chimalandira pempho la wolemba, n'kulisandutsa SQL, n'kubweza yankho litakonzedwa kale. Pali Hibernate, imene Gavin King anayambitsa mu 2001, ActiveRecord imene inabwera ndi Ruby on Rails ya David Heinemeier Hansson mu 2004, komanso ya Django.

Mayinawa ndi achilendo koma ntchito zake tili nazo pakhomo. Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, ndipo pambuyo pake mapulogalamu awo, kuphatikizapo a ma ARV, analembedwa ndi Ruby on Rails pamwamba pa matebulo a pulogalamu ya zaumoyo yotchedwa OpenMRS. DHIS2 ya yunivesite ya Oslo, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za zipatala, imayendera Hibernate. Munthu amene analembetsapo pa makina otere, dzina lake linadutsa mu ORM.

Ubwino wake ndi woti imatilembera mafunso ambirimbiri ife osatuluka thukuta. Choipa chake chagona pomwepo: funso limene sunalembe wekha, sudziwa kuti lafunsidwa bwanji, kapena kangati.

Choyamba, tsegulani logi

ORM iliyonse imatha kulemba mndandanda wa mafunso onse amene yatumiza ku detabesi, ndi nthawi imene lililonse latenga. Mndandanda umenewu timautcha logi, ndipo ndisanakhudze chilichonse ndimayamba ndauwerenga. Pa laputopu ya alimi aja, nditadina batani la lipoti, mzere woyamba unali wotenga mamembala onse. Kenako panatsika mizere yofanana yosaleka: SELECT * FROM villages WHERE id = 14, wina wa mudzi 9, wina wa mudzi 22, pansi pake ina yofunsa ngongole za membala aliyense payekhapayekha.

Vutoli ndi lodziwika dziko lonse ndipo limatchedwa N+1. ORM siitenga chinthu mpaka chitafunidwa. Imatenga mamembala ndi funso limodzi, koma lipoti likafika pa membala woyamba n'kufuna ngongole zake, imabwerera ku detabesi. Pa wachiwiri, ibwereranso. Tiyerekeze kuti mamembala alipo 600: ndiye kuti mafunso ndi 601, pomwe awiri akanakwana. Zili ngati kukwera kabaza kuchoka kwa Katuli kupita ku Namwera ndi kalata imodzi, kubwerera, kutenga ina, chonsecho makalata onse akanalowa m'chikwama chimodzi.

Amene analemba pulogalamuyo sanaone vutoli chifukwa anaiyesa ndi mamembala ochepa ongopeka, pa kompyuta yamphamvu ya m'tauni. Mankhwala ake ndi kuuza ORM pasadakhale kuti itengeretu zonse: mu Rails ndi mawu oti includes, mu Django select_related kapena prefetch_related, mu Hibernate join fetch. Titaonjezera mawu amenewo, lipoti linatuluka mlembi asanachotse chala pa batani.

Mayina ndi manambala a kwathu

Kuchedwa kumaoneka msanga. Choopsa kwambiri ndi cholakwika chimene chimalowa mwakachetechete, ndipo chimalowa pamene zimene pulogalamu ikuyembekezera zasiyana ndi mmene anthu alili.

Kwa Katuli mayina ngati M'bwana ndi M'madi ndi ambiri. Pofuna kufulumiza bokosi lofufuzira dzina, wolemba wina analambalala ORM n'kumata dzinalo mu SQL ndi manja. Funso linkatuluka chonchi: WHERE surname = 'M'bwana'. Mu SQL, kachizindikiro kam'mwamba kameneko kamatanthauza kuti mawu athera pomwepo, choncho detabesi inkaona dzina loti M, zotsatirazo n'kuzikana. Alembi, pofuna kuti ntchito iyende, anayamba kulemba Mbwana, ndipo munthu mmodzi anasanduka awiri, ngongole ku dzina lina, zobweza ku dzina lina. Pano ORM ndiye inali mpulumutsi, chifukwa ikapatsidwa dzina m'njira yake imalitumiza padera ndi funso, kachizindikiro kaja osasokoneza. Mpata womwewo ndi umene akuba a pa intaneti amalowetsera malamulo awo mu detabesi, choncho kuutseka ndi chitetezo.

Chilembo cha ŵ nachonso chimavuta. Tebulo la MySQL likaikidwa pa latin1, chilembochi mulibemo, ndipo chimasanduka chizindikiro cha funso kapena kukanidwa. Liyenera kukhala pa utf8mb4, ndipo ORM iuzidwe zomwezo.

Nambala ya foni ikasungidwa ngati nambala yowerengera, ziro woyamba wa 099 kapena 088 amagwa. Kuno ena ali ndi manambala a +258 a ku Mozambique, ndipo ngongole zina amabweza ndi ana amene ali ku Joni, a +27. Foni isungidwe ngati mawu. Ndalama nazo zisasungidwe mu mtundu wa float, umene umangoyandikira pa nambala yeniyeni, koma mu decimal, apo ayi matambala amayamba kusiyana ndi buku la msungichuma.

Pali agogo amene tsiku lawo lobadwa saalidziwa, amangokumbukira chaka. Pulogalamu ikakakamiza tsiku, mlembi amapeka, ndipo mawa palibe wodziwa kuti linali lopeka. OpenMRS, imene a Regenstrief Institute ndi Partners In Health anayambitsa mu 2004, ili ndi kolamu yapadera yotchedwa birthdate_estimated, yosonyeza kuti tsikulo ndi longoyerekeza. Nzeru imeneyi ndi yofunika kubwereka.

Maola awiri ndi alembi awiri

Msungichuma wa gulu lija anali ndi dandaulo lake: ndalama zobwezedwa pa 1 Juni zinkapezeka mu lipoti la Meyi. Nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC, ndipo Rails, imene pulogalamu yawo inalembedwa nayo, imasunga nthawi mu UTC. Mlembi akasankha 1 Juni, pulogalamu inkalitenga ngati pakati pa usiku polowa tsikulo, ORM n'kuchotsapo maola awiri, mu tebulo n'kulembedwa 31 Meyi, 10 koloko usiku. Pa sikirini zinkaoneka bwino chifukwa ORM inkabwezera maolawo, koma lipoti lowerenga tebulo mwachindunji linkaona Meyi. Pofunika tsiku lokha, kolamu ikhale ya tsiku, yopanda ola.

Vuto lina limabwera nthawi yokolola, mzere wa obweza ngongole ukatalika. Membala ali ndi ngongole ya K50,000. Iye akubweza K10,000 kwa mlembi uyu, mkazi wake K5,000 kwa mlembi winayo. Matabuleti onse awiri atenga kale object yonena K50,000. Woyamba asunga K40,000, wachiwiri asunga K45,000 pamwamba pake, ndipo K10,000 ija yasowa popanda wakuba. Mu Rails, kolamu ya lock_version imachititsa kuti wachiwiriyo akanidwe n'kuuzidwa kuti atsegulenso. Komanso kulemba lisiti ndi kuchepetsa ngongole ziyenera kumangidwa mu transaction imodzi, kuti batire likafa pakati, zichitike zonse kapena pasachitike chilichonse.

Musanalipire ndalama yomaliza

Kwa anzanga olemba mapulogalamu, makamaka amene angotuluka kumene ku koleji: ORM sichotsa udindo wophunzira SQL. Wosatha kuwerenga logi amangosintha apa ndi apo moyerekeza, ndipo vuto likasowa sadziwa chimene chalichotsa.

Kwa makomiti a magulu a alimi, mabanki m'khonde ndi masukulu amene akugula mapulogalamu, simufunika kudziwa SQL kuti mudziteteze. Musalandire pulogalamu yoyesedwa ndi mayina opeka. Auzeni ogulitsawo alowetse kaundula wanu yense, mulembe dzina la kachizindikiro kam'mwamba, la chilembo cha ŵ, gogo wodziwa chaka chokha ndi foni ya +258. Alembi awiri abweze ngongole ya munthu mmodzi nthawi imodzi. Lembani zobweza za pa 1 mwezi n'kuona lipoti limene zagweramo, kenako muzimitse laputopu pakati pa ntchito n'kuiyatsanso. Ziwerengero zikagwirizana ndi buku la msungichuma, pamenepo tcheya asaine cheke.